CILIMWE CIBWEZA ANA A KUM'MAWA KU MIDZI YAO

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, thonje ndi nshawa zikapita ku msika, ndipo mphepo ya mwezi wa August ikayamba kuulutsa pfumbi m'miseu, midzi ya m'boma la Katete imayamba kulandira alendo. Ambiri mwa alendo amenewa ndi ana a pamudzi pomwepo, amene anapita ku Lusaka, ku Kabwe ndi ku Migodi kukafuna nchito, ena zaka 2 zapitazo, ena zaka 30. Cilimwe ndiyo nyengo imene iwo amakumbukira njira ya kwao.

Zifukwa zake ziri zodziwika. Mitsinje yaphwa, ndipo miseu ya kumidzi imene imakana galimoto m'dzinja tsopano ipitika. Sukulu zatsekedwa, motero ana obadwira m'tauni angathe kupita kukaona ambuya ao. Khasu lapacikidwa, ndipo munthu wa pamudzi ali ndi mpata wokhala pansi ndi mlendo tsiku lonse. Koposa zonse, cakudya cilipo. Imeneyi ndiyo nyengo ya maukwati, ya zinamwali, ya kumanga ziliza ndi ya mowa wa bona. Ndiponso pa Ciwelu cotsiriza ca mwezi wa August, Acewa amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba.

PA MSEU WA KUM'MAWA

Ulendo umayambira pa citeshi ca mabasi ca Intercity mu Lusaka, tambala asanalire kaciwiri. Katundu wa munthu wopita kumudzi sabisika: shuga, mcere, sopo, saladi wophikira, citenje ca amai ndi bulangete la atsibweni. Akulu-akulu amakumbuka masiku a mabasi a UBZ, pamene anthu anali kugona pa citeshi masiku angapo kudikira malo. Lero mabasi ndi ambiri, ndipo mseu wa Great East Road, umene utalika makilomita pafupi-fupi 570 kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata, munthu amaumaliza tsiku limodzi dzuwa lisanalowe.

Basi ikapitirira Chongwe ndi Rufunsa imalowa m'mapiri a Manenekela, mmene mseu ukhota-khota pamwamba pa maphompho. Pamenepa nkhani zimayamba zatha, anthu maso ali pa zenera. M'mapirimo mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira ngakhale mvula ikali kutali, ndipo pansi pali lupsa lakuda la moto wa chire. Kutsikira ku Luangwa kutentha kumakula. Pa msika wa pafupi ndi mtsinje basi imaima kuti anthu agule nsomba zouma, madengu ndi zipewa zoluka. Kenaka imaoloka pa ulalo waukulu wolenjekeka pa zingwe za citsulo, umene unamangidwa m'caka ca 1968.

Tsidya linalo ndi cigawo ca Kum'mawa, ndipo aliyense amene anakwerapo basi imeneyi adziwa cimene cimacitika m'kati. Cinyanja ca m'tauni cosakaniza ndi Cizungu cimayamba kucepa, ndipo m'malo mwake mumamveka Cinsenga ndi Cicewa ca kumudzi. Anthu amene akhala mpando umodzi kucokera ku Lusaka osalankhulana amayamba kufunsana: "Kodi kwanu ndi kwa yani?" Mmodzi akachula kwa Kawaza, wina kwa Mbang'ombe kapena kwa Kathumba, posacedwa kumapezeka kuti anaphunzira sukulu imodzi ku Chassa kapena ku Chizongwe, kapena kuti mlongo wa uyu anakwatiwa m'mudzi wa uyo. Pofika pa Nyimba, pamene amai amakweza mikoko ya nthoci ku mazenera, anthu aja agulirana kale cakudya. Ndi cifukwa cake akale anati apao ndi mizu ya kacere, akumana pansi.

Basi imatsitsa ena pa mphambano ya ku Petauke, ena pa Sinda, ndipo imafika pa Katete dzuwa litapendeka. Mapiri a Mphangwe amaoneka otuwa ndi utsi wa cilimwe. Capafupi pali cipatala ca St Francis cimene a mpingo wa Anglican anaciyamba m'caka ca 1948, ndipo ambiri mwa otsika pano anabadwira momwemo. Anyamata a njinga zamoto amathamangira katundu. Mtunda umene kale munthu anali kuyenda ndi miyendo, sutukesi iri pamutu, tsopano utha msanga.

NKHOPE NDI DZINA

Munthu wobwera kucokera kutali amaona msanga kuti mudzi wasintha. Pamene panali nyumba za udzu pali za njerwa ndi malata, ndipo pa madenga ena pali timbale ta magetsi a dzuwa. Mtengo wa mango umene anausiya uli wofika m'ciuno tsopano ndiwo mthunzi wa bwalo. Ana amene amathamangira njinga samudziwa, nayenso sawadziwa.

Womuzindikira woyamba kawiri-kawiri amakhala mai wokalamba wokhala pakhonde. Amaika dzanja pamphumi kuchinga dzuwa, namuyang'ana nthawi yaitali, osati pa zobvala koma pa mayendedwe, pakuti munthu amayenda monga anali kuyendera atsibweni ake. Tsono amamuitana ndi dzina la paubwana, limene ku Kitwe kapena ku Matero palibe ndi mmodzi yemwe alidziwa. Ku nchito angakhale anali kapitao woopedwa, koma pano ndi mwana wa uje, mdzukulu wa uje. Nthungululu zikamveka, anthu amaturuka m'nyumba zonse. Mphasa imayalidwa, madzi akumwa amabwera, ndipo moni umayamba mmodzi-mmodzi, amai atagwada ndi kuomba m'manja, aliyense kumuchula ndi mfunda wake: a Phiri, a Banda, a Mwale, a Nambewe.

Akapuma, akulu amafunsa malonje. Mlendo amafotokoza za kumene wacokera, za umoyo wa ana ndi za m'njira. Eni mudzi naonso amabweza: mvula inagwa motani, anakolola ngolo zingati, ng'ombe zatsala zingati, anabadwa ndani, anakwatiwa ndani. Potsiriza, ndi mau otsika, amachula amene anamwalira. Kuseri kwa nyumba anyamata amakhala ali kupirikitsa nkhuku.

ULENDO WA KUPEPESA

Tsiku lotsatira si la kuceza ndi mabwenzi. Munthu wodziwa mwambo amayamba wakaonekera kwa a nyakwawa, kuti mwini mudzi adziwe kuti mwana wake wafika. Akacoka kumeneko amayamba kuyenda khomo ndi khomo kupepesa maliro onse amene anacitika iye kulibe. Mbale wake amamutsogolera, popeza yekha sangadziwe nyumba zonse zimene zinagwa cisoni.

Pa khomo lirilonse amati odi, nakhala pansi, nakhala cete kanthawi. Kenaka amati, "Pepani, tinamva, koma tinalephera kufika." Ngakhale papita zaka 3, mai wamasiye amagwetsanso misozi, nafotokoza matenda kuyambira pa ciyambi mpaka tsiku la kuika. Mlendo amamvetsera osadula mau, nasiya kangacepe ka cipepeso pa mphasa. Kwa amene wakhala nthawi yaitali osabwera, ulendo umenewu utha kudya masiku awiri kapena atatu. Ngati afuna kuona pamene anagona makolo ake, sapita yekha ku manda. Amapempha kwa a nyakwawa, ndipo akulu amamuperekeza m'mamawa.

Anthu ena a m'tauni amauona mwambo umenewu ngati wotopetsa. Koma pamudzi ndi pamenepa pamene amamuyesera munthu. Amene wapepesa maliro wabwezeredwa m'ciwerengero ca eni mudzi, ndipo kucedwa kwake kwakhululukidwa. Amene wafikira ku mowa, nadutsa pa khomo la namfedwa osapatuka, anthu samunena pamaso, koma amasunga mumtima kufikira tsiku limene iye adzafuna anthu okumba manda a mbale wake.

ANZAKE A KU UBUSA

Mangawa amenewa akatha, nthawi ya mabwenzi imafika. Madzulo, pansi pa mtengo pamene pali nsolo, amuna awiri a imvi amene anali kuweta ng'ombe pamodzi amakumana. Poyamba pamakhala kaulemu kocuruka. Aliyense amamuyang'ana mnzake mwakabisira, kuwerenga makwinya ndi mano otsala. Wa pamudzi amacita manyazi ndi zikang'a za m'manja mwake. Wa m'tauni amacita manyazi kuti mau ena a Cicewa amuthawa pakamwa.

Cimene cimaswa ulemuwo ndi nkhani yaing'ono. Mmodzi amakumbutsa za tsiku limene ng'ombe zinalowa m'dimba la mwini iwo ali kukumba mbewa, ndi za mkwapulo umene unatsatira. Wina amakumbutsa za ng'ombe zadothi zimene anali kuumba ku dambo, za njiwa zimene anali kulasa ndi malegeni, za mphunzitsi waukali amene anali kuwayang'ana zikhadabo pa mzere m'mawa mwa June, iwo ali opanda nsapato. Phwete likaphulika, "inu" uja amasanduka "iwe", ndipo zaka 30 zimakhala ngati dzulo. Cipanda ca thobwa kapena ca masese cimayenda, ndipo mbale ya mbewa zowamba imabwera, imene wa m'tauni amailandira ndi manja awiri.

Kwa amai kukumana kumacitikira ku citsime, ku cigayo ndi pa mtondo. Amene anabvinidwa cinamwali cimodzi amakhala ndi ubale wao-wao umene sutha. Amakumbatirana, nasekana za kunenepa ndi kuonda, nafunsana za ana mmodzi-mmodzi. Mai wa m'tauni amamanga citenje, nalanda musi kuti aonetse kuti kusinja sanaiwale, ndipo anzake amamuseka pamene mpweya umuthera.

Komabe maceza amenewa sakhala a cimwemwe cokha. Pakati pa kuseka anthu amayamba kuwerenga a msinkhu wao. Pa anyamata khumi amene anali kugona mphala imodzi, mwina otsala ndi atatu kapena anai. Matenda a Edzi anatenga ambiri m'zaka za m'ma 1990, m'tauni ndi m'midzi momwe. Ena anapita ndipo mbiri yao siinamvekenso. Otsalawo amadziwa kuti zimene akumbukira pamodzi palibenso wina angazicitire umboni.

Pamenepa pamaonekanso cinthu cimene anthu a m'tauni sanali kuciyembekezera. Mnzao amene anatsala kumudzi, amene kale anali kumumvera cisoni, ali ndi ng'ombe zolimira, ngolo, dimba la ndiwo ndi nyumba ya malata imene anamanga ndi ndalama za thonje ndi soya. Wa m'tauni, atagwira nchito moyo wake wonse, mwina akali kulipira lendi. Zoterezi zikakambidwa moona mtima, popanda kudzitama kapena nsanje, ubwenzi umalimba koposa kale.

MBIRI YA MACHONA

Kupita ndi kubwera kumeneku sikunayambe lero. M'nthawi ya atsamunda, msonkho unakakamiza amuna a dera la Fort Jameson, limene tsopano ndi Chipata, kuyenda ndi miyendo kupita ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Pamene migodi ya mkuwa inatsegulidwa ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga m'zaka za m'ma 1930, njira ina inatseguka. Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, anyamata ndi atsikana ophunzira anakhamukira ku Lusaka. Amene anapita osabweranso, osalemba ndi kalata yomwe, anapatsidwa dzina lowawa lakuti machona.

Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, moyo wa m'tauni unayamba kuuma, ndipo boma la Dr Kenneth Kaunda linali kulimbikitsa anthu kubwerera ku minda. Pambuyo pake, pamene migodi ya ZCCM inali kugulitsidwa kufikira m'caka ca 2000, anthu ambiri anacotsedwa nchito. Apo ndi pamene kusiyana kunaonekera. Amene anali kubwera cilimwe ndi cilimwe anapeza munda uli kuwadikira ndi anzao owathandiza kuumba njerwa. Amene anachona anafika ngati alendo eni-eni, akulu owadziwa atatha, ndipo ena anabwerera m'tauni ndi manyazi.

Phunziro limeneli likali ndi mphamvu. Kalembera wa 1969 anapeza anthu oposa 4 miliyoni m'Zambia, pamene wa 2022 anapeza oposa 19 miliyoni, koma nthaka siinakule. Pa dziko la mafumu, mboni ya malire a munda kawiri-kawiri ndi anthu: mkulu amene akumbuka kuti kucokera pa culu cija kufika pa mtengo wa mkuyu anali kulima ndi ambuya a uje. Mboni zotere zimakalamba. Mwana wobadwira ku Chawama, amene sanapondepo pamudzi, adzabvutika kunena kuti ndi wa mbumba iti ngati palibe amene anamuona ali kudya nsima pa khomo la ambuya ake.

KU MKAIKA

Kumene nkhope zakale zimakumana zocuruka koposa ndi ku Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, pafupi ndi Katete. Mwambo wa Kulamba, umene boma la atsamunda linauletsa m'caka ca 1934, unayambanso m'caka ca 1984 mu ulamuliro wa Kalonga Gawa Undi X. Mafumu a Acewa ocokera m'Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera kudzagwada pamaso pa Kalonga, kupereka mitulo ndi kufotokoza za umoyo wa anthu ao. M'caka ca 2007 atsogoleri a maiko atatuwa, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa bwalo limeneli.

Masiku angapo tsiku leni-leni lisanafike, misasa ya udzu imamangidwa ndipo malori amatsitsa anthu usana ndi usiku. Ng'oma sizileka. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza m'caka ca 2005 kuti ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, amaturuka ndi pfumbi lake: makanja atali-atali, kasiyamaliro, ndi gologolo wokwera pamwamba pa mtengo. Anamwali amabvina atadzola mikanda m'khosi ndi m'ciuno.

Koma amene ayang'ane kumbali kwa bwalo adzaona mwambo wina umene sulengezedwa pa cimkuza-mau. Munthu amaima mwadzidzidzi pakati pa khamu, nagwira mnzake pa mkono, namuyang'anitsitsa, ndipo onse awiri amapfuula maina. Ndi anthu amene anasiyana pa sukulu, kapena amene anagwira nchito mgodi umodzi. Banja la ku Chadiza limapeza abale ake a ku Mchinji kapena a ku Angonia, amene malire a maiko anawaika tsidya lina. Amakhala pansi pa msasa, nagawana nzimbe, nalemberana manambala a lamya. M'caka ca 2020, pamene mwambowu sunacitike cifukwa ca matenda a Covid-19, anthu anasowa gule, koma anasowanso kwambiri kukumana kumeneku.

MAU KWA ENI MUDZI NDI KWA ALENDO

Lamya ya m'manja yafupikitsa mtunda. Mau amafika tsiku lomwelo, ndalama nazonso zimafika pa lamya pomwepo. Zimenezi ndi zabwino, koma zacititsa ena kuganiza kuti kutumiza ndiko kufika. Lamya siikhala pa mphasa ya namfedwa, ndipo nkhalamba ya maso akhungu siingagwire nkhope ya mdzukulu wake pa lamya.

Ambiri amene sabwera si kuti anaiwala kwao. Cimene cimawamanga miyendo ndi manyazi. Amaopa kufika cimanja-manja pamene mudzi wonse uyembekezera mitolo, motero amati adzapita caka ca mawa zinthu zikakhala bwino, ndipo zaka zimapitirira. Pa ici eni mudzi ali ndi mbali yao. Mwana akafika, ayenera kulandiridwa asanayang'anidwe m'cola. Kumuchula mchona pa bwalo, kumufunsa cimene anapindula, kapena kumuopseza ndi nkhani za ufiti, ndiko kumuthamangitsa kaciwiri pamodzi ndi ana ake. Cibale ndi pfupa, siciola. Koma njira ya pakati pa abale imamera udzu ngati siipondedwa.

Alendo naonso akumbukire kuti nkhokwe imene ili kuwadyetsa iyenera kufikitsa banja ku masika. Cilala ca 2024 cinaonetsa mmene cimanga cimathera msanga. Mlendo wanzeru sapempha phwando. Amathandiza kufolera nyumba ya amai ake, amapita nao ku dimba, amaonetsa ana ake malire a munda ndi makomo a abale, ndipo amasiya ya feteleza ngati ali nayo.

Kumayambiriro kwa September sukulu zimatsegulidwa, ndipo pa mseu waukulu pa Katete pamadzazanso anthu, tsopano oyang'ana kumadzulo. Katundu wasintha: thumba la nshawa, ufa woyera, nyemba, mfutso, ndi nkhuku yomangidwa miyendo imene bwenzi la ku ubusa labweretsa m'mamawa pa njinga. Operekeza amacuruka kuposa okwera. Amai okalamba amagwira mdzukulu dzanja nthawi yaitali, namuuza kuti akabwerenso asadzacedwe, popeza iwo sadziwa ngati adzawapeza. Basi ikanyamuka, operekeza amaima kufikira itabisika, kenaka amabwerera kumudzi. Kumeneko makasu ali kudikira, pakuti nthawi ya kusosa yayandikira, ndipo mitambo ya October siiri kutali.